Zithunzi za metallic: pa shopu ya m'tawuni kapena ku labu yaikulu?

Nkhwazi47
Akuluakulu, nkhani ya zithunzi zonyezimira ngati chitsulo, za metallic, yafika posokoneza muno mu Lilongwe. Mashopu ambiri a ku Old Town ndi m'mamolo akulemba pakhomo kuti amatsuka metallic, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi malabu amene ojambula amatumizako ntchito. Eni maukwati ndi zinkhoswe akumadabwa kuti wojambula akuwalipiritsa zambiri bwanji pamene pakona pomwepa chilipo chotchipa. Kusiyana kuli pati kwenikweni, pepala, makina, kapena dzina chabe? Ndipo ndi ntchito iti ingapite pa shopu osachititsa munthu manyazi?

MkuluWaLabu
Achimwene, vuto loyamba ndi dzinalo. Mawu amodzi akuti metallic akuimira zinthu zosiyana kotheratu, ndiye anthu akumayerekeza mtengo wa mbuzi ndi wa nkhuku.

Pali pepala la mankhwala, lotsukidwa m'njira ya RA-4. Odziwika ndi Kodak Endura Metallic ndi Fujicolor Crystal Archive Pearl. Pepalali sililandira inki ayi. Makina ngati Fuji Frontier kapena Noritsu QSS amaliwalitsa ndi laser, kenako limadutsa mu developer, mu bleach-fix, limatsukidwa n'kuumitsidwa. Mitundu imabadwira mkati mwa pepala momwemo, pamwamba pa chinthu chonyezimira chija, n'chifukwa chake chithunzi chimaoneka chakuya ngati ungapisemo dzanja.

Palinso pepala la inkjet lonyezimira. Labwino lilipo, monga Epson Metallic Photo Paper, Ilford Galerie Metallic Gloss ndi Hahnemühle Photo Rag Metallic, koma lambiri lopezeka m'mashopu ndi la m'mapaketi opanda dzina la kampani. Ena ali ndi timakina ta riboni ngati DNP DS620, timene tilinso ndi pepala lake la metallic. Ndiye pali chitsulo chenicheni cha aluminiyamu, monga ChromaLuxe, chimene si pepala n'komwe. Pomaliza pali glossy wamba womatidwa pulasitiki yonyezimira pamwamba, ameneyu sayenera kutchedwa metallic.

Musanafunse mtengo, funsani dzina la pepala ndi dzina la makina. Woyankha kuti "ndi metallic basi" ndiye kuti sakudziwa chimene akugulitsa.

Kalilole
Ndipo kuzindikira n'kosavuta. Ikani chithunzicho pambali pa pepala loyera la A4. Malo oyera a metallic weniweni amaoneka otuwirako ngati siliva kapena ngale, ndipo mukachipendeketsa kuwala kumayenda mkati mwa mitundu. Cha pulasitiki yomata chimangothwanima pamwamba, mkati muli mbee ngati pepala wamba. Tembenuzaninso kumbuyo: mapepala ambiri a Kodak ndi Fujifilm amakhala ndi dzina la kampani.

Dzuwa25
Ine ndikukana kuti shopu ndi yoipa chifukwa ndi shopu. Frontier ndi Frontier, kaya ili ku Johannesburg kaya pa Malangalanga. Pepala likakhala lomwelo, makina omwewo, fayilo yomweyo, chosiyana chichokera kuti? Tisamanyoze zakwathu.

MkuluWaLabu
A Dzuwa25, palibe akunyoza. Chosiyana chimachokera m'matanki a mankhwala. Developer wa RA-4 amafuna kutentha kokhazikika, pa madigiri 35 mpaka 38 malinga ndi makina ndi mankhwala ake, ndipo kukasuntha ndi digiri imodzi yokha mitundu imasuntha. Labu yosamala imadutsitsa control strip (kapepala koyesera mankhwala) m'mawa uliwonse, n'kuyeza ndi densitometer (kachipangizo koyeza kuya kwa mitundu), isanalandire ntchito ya kasitomala. Manambala akapatuka amakonza kaye. Shopu yongoyatsa makina n'kuyamba kutsuka siingadziwe kuti lero zakuda zikutuluka ngati buluu, kapena kuti zoyera zayamba chikasu.

Chinanso ndi mpukutu wa pepala. Kodak amalangiza kuti pepala losagwiritsidwa ntchito lisungidwe pa madigiri 13 kapena kutsika. Metallic amaitanitsa anthu ochepa, ndiye mpukutu umodzi umatha miyezi uli m'makina, m'chipinda chotentha cha mwezi wa October. Pepala lotere limakalamba lisanaone chithunzi. Komanso pepala lililonse limafuna kuyezedwa palokha m'makina. Akalitsuka ndi makonzedwe a glossy wamba, mitundu imapendekera mbali imodzi, makamaka pakhungu.

Dzuwa25
Za kuyeza ndamva. Koma pa mankhwala mfundo ikugwera kwanga. Mankhwala amaonongeka pokhala, osati pogwira ntchito. Shopu ya m'tawuni imene imatsuka za pasipoti ndi za mainchi 4x6 tsiku lonse imakhala ikuthira mankhwala atsopano nthawi zonse. Imene ili pangozi ndi yaing'ono yongotsuka zithunzi makumi awiri patsiku.

MkuluWaLabu
Pamenepo mwalondola. Makina otanganidwa amakhala athanzi kuposa ogona. Ndiye posankha shopu, sankhani imene pali mzere wa anthu, ndipo pitani makina atatenthera kale. Magetsi akangobwera kumene musapereke ntchito, matanki amakhala atazizira.

Mphenzi
Mukukambirana za RA-4 ngati kuti ndi imene yadzaza m'tawuni. Mashopu ambiri otchipa alibe matanki a mankhwala. Kuseri kwa kauntala kuli Epson L805 kapena L1800, kapena zatsopano zake L8050 ndi L18050. Nkhani yeniyeni ili pamenepo.

Makina amenewa ali ndi inki zisanu ndi imodzi za dye (utoto wosungunuka m'madzi), ndipo chodabwitsa n'chakuti tsiku loyamba dye amakongola kwambiri pa metallic, chifukwa amalowa m'pepala n'kusiya kunyezimira kukuonekera. Kasitomala amachoka akusangalala. Vuto ndi kusuluka. Dye amaopa kuwala ndi mpweya, makamaka chithunzi chikakhala chopanda galasi, ndipo inki zambiri zowonjezera m'matanki a inki si za kampani ya makinawo, palibe amene anaziyesa kuti zimakhalitsa bwanji. Mitundu siisuluka limodzi, ndiye nkhope imayamba kupendekera kofiira kapena kobiriwira.

Labu ya inkjet yeniyeni imagwiritsa ntchito inki ya pigment (ya tizidutswa ta utoto tosasungunuka), pa makina ngati Epson SureColor P900 kapena Canon PRO-1000. Pigment amakhalitsa, koma naye ali ndi chilema: amakhala pamwamba pa pepala, ndiye malo a inki yambiri amazima, malo opanda inki amawala, ndipo mukapendeketsa mumaona ngati mkuwa pa zakuda. Canon amathira Chroma Optimizer kuti afananize kuwalako. Pa Epson onetsetsani kuti ntchito ikudutsa pa inki yakuda ya photo black, osati ya matte black, apo ayi zakuda zimafufutika ndi chala.

Namzeze
Ndiye mukutanthauza kuti wa L1800 asayerekeze n'komwe?

Mphenzi
Ayi achemwali, akhoza kutulutsa chabwino akatsata ndondomeko. Ayambe ndi nozzle check (kuyesa ngati timabowo tonse ta inki tikulemba), chifukwa mzere umodzi wosowa, umene pa matte subisika kwenikweni, pa metallic umafuula. Asankhe mtundu wa pepala wa premium glossy, quality yapamwamba, azimitse high speed kuti mutu uzilemba mbali imodzi. Ngati wopanga pepala wapereka ICC profile (fayilo yolondolera mitundu) ya makinawo, aigwiritse ntchito mu Photoshop n'kuzimitsa kukonza mitundu kwa printer. Mitundu ikakonzedwa kawiri, ndi pulogalamu komanso printer, chithunzi chimatuluka chakuda ndi chofiirira. Alowetse pepala limodzi limodzi kuti timawilo tisasiye timadontho. Chikatuluka chigone chagada maola 24 chisanalowe m'fulemu, chifukwa inki imatulutsabe nthunzi imene imachita chifunga mkati mwa galasi. Ndipo kasitomala auzidwe chilungamo kuti ndi dye, chifunika galasi ndi khoma losawombedwa dzuwa.

ChitenjeBlue
Pepani ndikhotetseko pang'ono. Musanalimbane za shopu ndi labu, dzifunseni ngati chithunzicho chikuyenera metallic n'komwe. Cha mkwatibwi wa diresi loyera nthawi zambiri sichiyenera. Pepalali lilibe kuyera kwenikweni, ndiye paliponse pamene fayilo yafika 255 (kuyera kotheratu, pamene 0 ndi kuda bii) pamangoonekera siliva wa pansi. Lesi wa diresi ndi velo zimasowa, pamatsala chigamba chothwanima. Suti yakuda ya mkwati nayo imatsekeka n'kukhala bii, mabatani ndi makwinya osaoneka. Chipumi chimene chinawala ndi fulashi chimawala kawiri. Za banja ndi za maukwati, lustre, pepala lowala pang'ono chabe, ndi amene amakhululuka.

Kachere18
Apa sindikuvomereza. Khungu lakuda pa metallic limakongola kuposa loyera, bola kuwala kukhale kofewa. Chojambulidwa pawindo kapena ndi softbox (nyali yofewetsa kuwala) yaikulu, nkhope itapukutidwa thukuta, chimatuluka ngati chosema. Cha black and white ndiye usanene. Choononga ndi fulashi ya pamwamba pa kamera yowombera molunjika, osati pepala.

ChitenjeBlue
Nanga za pa ukwati zingati zimajambulidwa ndi softbox? Zambiri ndi za m'holo, masana, anthu atavina perekaniperekani thukuta lili kamukamu.

Kachere18
Zimenezo zipite pa lustre, tagwirizana. Metallic ndi wa chithunzi chimodzi kapena ziwiri zosankhika: nyanja ku Senga Bay dzuwa likutuluka, magetsi a Bingu National Stadium usiku, galimoto, mphete, mikanda, chitenje cha mitundu yowala, chigoba cha gule wamkulu. Ndipo fayilo ikonzedwe mwapadera. Zoyera zofunika kuoneka zitsitsidwe pa 245, zisapitirire. Zakuda zofunika kuoneka zikwezedwe pa 15 kapena 20. Contrast ndi saturation zichepetsedwe pang'ono, pepala limawonjezera lokha. Sharpening nayo ikhale yochepa, chifukwa timizere towala m'mbali mwa nkhope timaonekera msanga.

Kalilole
Zonsezi zimapita pachabe ngati makina a pa shopu akukonza okha. Frontier ndi Noritsu zili ndi pulogalamu yowalitsa ndi kukoleza mitundu yokha, yopangira zithunzi za pafoni zosakonzedwa. Ikaona chithunzi cha usiku imaganiza kuti chada, n'kuchiwalitsa mpaka thambo lituwe. Ikaona nkhope yakuda nthawi zina imakweza kuwala kwa chithunzi chonse, diresi n'kupsa. Uzani woyendetsa makina momveka kuti azimitse auto correction. Pa Noritsu yang'anani kamzere ka zilembo kumbuyo kwa chithunzi: N N N N ndiye kuti sanasinthe mitundu ndi kuwala pamanja, mukaona manambala m'malo mwa N ndiye kuti wina anagwirapo. Labu yaikulu imakufunsani poitanitsa pomwe ngati mukufuna akonze kapena asiye. Pa shopu muyenera kunena nokha, ulendo uliwonse, chifukwa woyendetsa wa lero si wa mawa.

Namzeze
Ndipo anthu asiye kutumiza pa WhatsApp ngati chithunzi. Imachepetsa mpaka mapikiselo pafupifupi 1600 mbali yaitali n'kufinya. Pa 300 ppi (mapikiselo 300 pa inchi iliyonse) chimenecho ndi chithunzi cha mainchi asanu okha. Kenako akuti shopu yaononga.

Dzuwa25
Bandulo ndi yodula mayi, anthu amaopa fayilo ya 15 MB.

Namzeze
Bandulo ya 15 MB ndi mtengo wa pepala la metallic loonongeka, chodula n'chiti? Atumize ngati document, kapena apite ndi fulashi disiki. Manambala ake ndi awa: 8x10 imafuna 2400 kwa 3000, 8x12 imafuna 2400 kwa 3600, 16x20 imafuna 4800 kwa 6000. Chachikulu ngati 20x30 chimaonedwa chapatali, ndiye 200 ppi imakwana, kutanthauza 4000 kwa 6000, zomwe kamera ya 24 megapixel imapereka. JPEG ya quality yapamwamba, mu dongosolo la mitundu la sRGB. Fayilo ya Adobe RGB ikalowa m'makina oyembekezera sRGB, zofiira ndi zobiriwira zimafooka, chitenje chimaoneka ngati chachapidwa kakhumi.

Dulaninso nokha. Kamera imajambula 3:2, yomwe imakwana pa 4x6, 8x12 ndi 20x30. Pa 8x10 pamachoka mainchi awiri, ndipo mukasiyira makina amadula pakati osaona kuti mutu wa munthu uli m'mphepete.

Kachere18
Kuwonjezera apo, dandaulo lakuti "chatuluka chakuda" kawirikawiri ndi la skirini. Laputopu imabwera yowala kwambiri. Tsitsani kufika pakati pa 100 ndi 120 cd/m2 (muyeso wa kuwala kwa skirini), ndipo amene angakwanitse ayeze ndi kachipangizo ka Calibrite kapena Datacolor Spyder. Ojambula asanu akhoza kusonkha n'kugula kamodzi, sikafunika tsiku lililonse.

Dzuwa25
Chabwino, tibwerere kumene a Nkhwazi47 anayambira, mtengo. Labu ya kunja mumalipira ndi ndalama yakunja, imene kuipeza ndi nkhondo, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse choitanitsa chinakwera. Onjezani mtengo wotumizira, msonkho wa pachipata, ndi masabata odikira. Chikafika chopindika pakona, kubweza n'kosatheka. Pa shopu mumaima pomwepo, chikalakwika abwereza lero lomwe. Zimenezi muziwerengerenso.

MkuluWaLabu
Zoona, ndipo pali chinanso chokuthandizani mfundo yanu. Kodak Alaris inagulitsa bizinesi yake ya mapepala ndi mankhwala kwa Sino Promise mu 2020, ndipo chiyambire pamenepo Endura Metallic wakhala wosowa. Malabu ambiri anasamukira ku Fujifilm kapena ku inkjet. Ndiye ngakhale labu yaikulu ifunseni dzina la pepala, musangokhulupirira zimene zinalembedwa kale. Pearl wa Fujifilm ndi wofatsa, wa ngale, pamene Endura anali waukali ngati chitsulo. Kasitomala amene anaona mtundu umodzi akhoza kukana winayo.

Za kupindika: pepalali silikhululuka khwinya. Kakhwinya kooneka ngati kachikhadabo kamagwira kuwala ndipo sikachoka. Mpaka 16x20 chiyende chogona pakati pa makatoni awiri olimba, ndi pepala lofewa pankhope yake. Chachikulu chikulungidwe mu chubu chotakata cha mainchi atatu kapena kuposa, nkhope kunja. Pa basi ya ku Johannesburg chiikidwenso mu pulasitiki, katundu amanyowa.

Fulemu_Biwi
Ambiri mukuiwala kuti chithunzi chabwino chimafera pa fulemu. Metallic amaonetsa chilichonse chili pansi pake. Mukachimata pa hardboard kapena katoni ndi guluu wopaka, pamwamba pamatuluka timabampu ngati khungu la lalanje, ndipo kanjere kamodzi ka fumbi kamaoneka ngati chiphuphu. Chimafuna bolodi yosalala kwambiri, monga Dibond (bolodi ya aluminiyamu ndi pulasitiki) kapena acrylic, ndi filimu yomatira yodutsa pa makina a marola ozizira, m'chipinda chopanda fumbi. Mu September ndi October muno fumbi ndi losaneneka, pukutani bolodi kawiri. Apa ndi pamene labu imaposa shopu kutali.

Lamination ya matte musayerekeze, imapha kunyezimira konse kumene mwalipira. Ya moto ya ma ID nayonso ayi. Mu fulemu ya galasi, chithunzi chisakhudze galasi: ikani mount board kapena timizere totalikitsa mamilimita awiri kapena atatu. Nyengo ya mvula chinyezi chimamatitsa nkhope ya chithunzi pagalasi, pamaoneka ngati panyowa, ndipo pochotsa chimasupuka. Pogwira, magolovesi a thonje, m'mphepete mokha. Chidindo cha chala musachipukute ndi malaya, nsalu ya magalasi a maso yokha, mopepuka.

Namzeze
Nanga galasi lija losawala?

Fulemu_Biwi
Lotchipa la non-glare ndi lokhakhala, limazimitsa chithunzi ngati lamination ya matte. Galasi loyera wamba ndi bwino. Kuwala kukasokoneza, sinthani khoma: lisayang'anizane ndi windo, ndipo nyali iwombe kuchokera pamwamba chopendekera, madigiri pafupifupi 30 kuchoka pakhoma.

Nkhwazi47
Za aluminiyamu zija sizinafotokozedwe. Osindikiza makapu ndi ma T-shirt ena akumapanganso. N'chimodzimodzi ndi za ku labu?

Mphenzi
Njira ndi imodzi, dye sublimation. Chithunzi chimasindikizidwa chotembenuka pa pepala lapadera, n'kumatidwa ndi tepi yosapsa pa chitsulo chokutidwa polyester, n'kupanidwa pa heat press pa madigiri pafupifupi 200. Inki imasanduka mpweya n'kulowa m'chokutiracho. Kusiyana kuli pa chitsulo ndi pa press. Malata opyapyala a zikwangwani ndi zikho amakhala ndi chokutira chochepa, mitundu imafooka ndipo amapindika. ChromaLuxe ndi wokhuthala, kuposa milimita imodzi pang'ono. Press ya malaya nthawi zambiri siitentha mofanana paliponse, ndiye makona amatuluka otuwa. Nthawi ikapitirira zakuda zimasanduka bulawuni, ikaperewera zimatuwa. Pepala likasuntha potsegula press pamabwera chithunzithunzi chachiwiri, likakhala ndi chinyezi pamabwera mawanga. Komanso chithunzi sichingapose kukula kwa press, palibe zopana kawiri.

Funsaninso ngati chitsulo ndi cha pansi poyera kapena poonekera. Choyera chimapereka mitundu yeniyeni, nkhope zimatuluka bwino. Choonekera chimasiya aluminiyamu m'malo oyera, chimakoma pa nyumba ndi magalimoto koma nkhope zimatuwa. Ubwino wa chitsulo ndi wakuti sichifuna galasi, chinyezi sichichiopsa, mumapukuta ndi nsalu yonyowa. Padzuwa la panja chokha chimasuluka.

Kalilole
Njira yothetsera mkangano ndi kuyesa, ndipo n'kotchipa. Konzani fayilo imodzi ya 8x12 yokhala ndi nkhope ziwiri, yakuda ndi yoyererako, diresi loyera, suti yakuda, thambo losalala, ndi mzere wa timabokosi kuyambira 0 mpaka 255, todumpha 5 kumapeto onse awiri. Tsukitsani pa mashopu awiri ndi labu imodzi, auto correction itazimitsidwa. Yang'anani pa kuwala kwa pawindo, osati pansi pa chubu cha m'shopu. Timabokosi totuwa tikhale totuwa, osapendekera kobiriwira kapena kofiira. Werengani kuti zakuda zayamba kusiyana pa nambala iti, zoyera zasowa pa iti, manambalawo ndi amene muzikonzera mafayilo a malo amenewo. Thambo lisakhale ndi mizere. Pakatha masabata awiri tsukitsaninso fayilo yomweyo pamalo pomwepo n'kuyerekeza. Shopu imene ziwirizo zafanana ndi yodalirika, ipatseni ntchito mpaka 8x12 mosaopa. Imene zasiyana, ngakhale chimodzi chikhale chokongola, siingakutsukireni zithunzi zitatu zopachika khoma limodzi.

Za kusuluka, dulani chimodzi pakati, theka muike m'buku, theka pawindo mwezi wathunthu, kenako mulumikize.

Dzuwa25
Mpaka 8x12 pa shopu yoyesedwa, pamenepo ndiye tamvana. Nanga 12x18?

MkuluWaLabu
Zimatengera makina. Minilab zambiri, makina ngati Frontier ndi Noritsu aja, zimathera pa pepala la mainchi 8 kapena 12 m'lifupi, ndipo L1800 imathera pa A3+, mainchi 13 kwa 19. Ngati shopu ili ndi mpukutu wa metallic wa mainchi 12 ndipo yapambana mayeso a Kalilole, 12x18 ikhoza kutsukidwa komweko. Kuposa apo, kapena chilichonse chofuna kumatidwa pa Dibond kapena acrylic, chipite ku labu, ndipo muyambe mwaitanitsa kachidutswa ka 8x10 kodulidwa pankhope pa kukula kwake kwenikweni musanalipire chachikulu.